Kukulunga koyilo ya vape pawekha kuti juwisi amveke kukoma

Ine ndinayamba kukulunga makoyilo chifukwa cha mkwiyo. Koyilo ndi kawaya kopota ka mu vape, chipangizo chosutira cha batire, kamene kamatenthetsa timadzi totchedwa juwisi kuti nthunzi ituluke. Ndinali ndi kathanki kolowa makoyilo ogula, ndipo mwezi wina ndinazungulira mashopu kuchokera m'tauni mpaka kumamolo a mu Great East Road osaupeza mtundu wake. Kulikonse yankho linali limodzi: "Zibwera sabata ya mawa, bwana." Sabata ya mawayo sinafike. Alamu anga, amene amakonza mafoni pa kantemba kawo ku Chilenje, anandiseka kenako n'kunena kuti, "Alamu, chimene mukulilira ndi kawaya ndi kathonje basi. Khalani apa." Tsiku lomwelo ndinaona koyilo ikubadwa pa sikuludiraiva.

Ndinene kaye chimodzi. Zimene ndikulemba pano ndi za akuluakulu amene anasiya fodya wa ndudu kapena balani n'kutembenukira ku vape. Ngati simunasutepo, musayambe chifukwa cha nkhani ino. Nicotine amakola munthu, ndipo juwisi wake ndi poizoni kwa mwana akamumwa. Botolo lizikhala pamwamba, kumene kadzanja sikafika.

Muyenera kukhala ndi chipangizo chomangika, chimene m'mashopu amachitcha RDA kapena RTA. RDA ndi ija mumadontheza juwisi pathonje nthawi ndi nthawi. RTA ili ndi thanki yake. Wophunzira ayambe ndi ya koyilo imodzi, makamaka RDA, chifukwa ukalakwitsa umangovundukula n'kuona pomwepo. Kuwonjezera apo mufunika waya, thonje, kachitsulo kozungulira ka mamilimita 2.5 kapena 3 (dirilo biti imachita bwino, chifukwa kukula kwake kunalembedwa pomwepo), chodulira waya chakuthwa, sizasi, tweezers ya ceramic, ndi mita yoyezera ma ohm (muyeso wa mmene waya amakanizira magetsi). Chowengera zikhadabo chimadula waya wowonda bwinobwino, ngakhale kuti mayi a kunyumba sadzakukhululukirani akachipeza chagomoka mano.

Waya

Apa mpamene anthu ambiri amasochera, ndiye ndichedwapo.

Waya wa woyamba kumene ndi Kanthal A1. Ndi chitsulo chosakaniza ndi chromium ndi aluminium, chochokera ku Sweden. Dzinalo linapangidwa polumikiza dzina la amene anamutulukira, Hans von Kantzow, ndi la tauni ya Hallstahammar. Kanthal ndi wouma khosi pang'ono, koma ukamupinda amakhala mmene wamupindiramo, ndipo sachedwa kukhululuka ukamutenthetsa mopitirira. Wina ndi Nichrome 80, amene amalembedwa Ni80: amatentha msanga kuposa Kanthal, ndipo ambiri amati amatulutsa kukoma bwino. Koma ali ndi nickel wambiri, choncho ngati khungu lanu limatuluka nsungu mukavala wotchi kapena ndolo zotchipa, m'pewani. Wachitatu ndi stainless steel 316L, amene amagwira pa ma watts (pamene mumatchera mphamvu ya magetsi) komanso pa temperature control (pamene mumatchera kutentha kwa koyilo). Palinso Ni200 ndi titanium. Awa ndi a temperature control yokha, sayenera kuyatsidwa mpaka kufiira, ndipo wophunzira angowasiya m'shopu.

Kunenepa kwa waya amakuyeza ndi nambala ya gauge, ndipo nambalayo imayenda chafutambuyo: ikakula, waya amawonda. Wa 24 ndi wonenepa, pafupifupi theka la milimita. Wa 26 ndi 0.4, wa 28 ndi 0.32. Waya wowonda amakaniza magetsi kwambiri, ndiye ma ohm ake amakwera. Kanthal wa 26 ali ndi ma ohm pafupifupi 11 pa mita imodzi, wa 24 pafupifupi 7, wa 28 pafupifupi 18. Stainless steel wonenepa mofanana amakhala ndi pafupifupi theka la ma ohm a Kanthal, choncho musatengere chiwerengero cha waya wina n'kuchiika pa wina.

Ndipo chonde, waya wa pa hardware ayi. Uja ana amapangira magalimoto a mawaya, uja womangira fensi, ambiri anakutidwa ndi zinc, ndipo utsi wa zinc ukalowa m'chifuwa umadwalitsa. Waya wa kopa nawo ayi. Kopa amangodutsitsa magetsi osawakaniza, ndiye kwa batire zili ngati mwangolumikiza mbali zake ziwiri. Waya wa m'chitofu chakale simudziwa kuti muli chiyani. Gulani waya wolembedwa dzina ndi gauge pa kabokosi kake.

Mudzaona pa intaneti makoyilo ooneka ngati nsambo ya gitala, otchedwa Clapton, ndi ena oluka ngati tsitsi la mkwatibwi. Amagwira juwisi wambiri m'mipata mwake ndipo amakomadi, koma amafuna mphamvu zambiri, amamwa juwisi ngati minibasi yakale ikumwa mafuta, ndipo batire silichedwa kutha. Maganizo anga ndi akuti koyilo wamba ya waya mmodzi, yoyaka bwino, yoikidwa pamalo oyenera, yokhala ndi thonje lokwanira, imaposa Clapton yoikidwa mwachisawawa. Kukoma kwambiri kuli pa mpweya ndi thonje. Muona kutsogoloku.

Masamu a batire

Alamu anga sanandilole kugwira waya ndisanamvetse izi. Lamulo la Ohm, limene Georg Ohm wa ku Germany analifalitsa mu 1827, limati ma amps, kuchuluka kwa magetsi amene koyilo imakoka, ndi ma volts kugawa ndi ma ohm. Batire la 18650 (nambalayi ndi ya kukula kwake) likadzaza limakhala pa 4.2 volts. Koyilo ya 0.8 ohm ikalumikizidwa nalo mwachindunji imakoka ma amps 5 ndi pang'ono. Ya 0.15 ohm imakoka 28. Tsono batire lodziwika ngati Samsung 25R linapangidwira ma amps 20, ndipo Samsung 30Q ma amps 15. Mukalikakamiza kupitirira apo limatentha, limatha kufuka, ndipo lili pafupi ndi nkhope yanu.

Mod ndi chigawo chija chokhala ndi batire ndi batani. Kuwerengera kumeneku ndi kwa mechanical mod, ija yopanda chotetezera chilichonse mkati, ndipo wophunzira asaigwire n'komwe. Gwiritsani mod ya sikirini, imene imakana kuyaka ikaona shoti. Pa imeneyi ma amps amadalira ma watts amene mwatchera: gawani ma watts ndi 3.2, ma volts amene batire limafikapo likatsala pang'ono kutha, kenako onjezani pang'ono za mphamvu yotayika mkati. Ma watts 40 pa batire limodzi ndi ma amps pafupifupi 14. Zili bwino pa 25R, zili m'malire pa 30Q.

Ndinagulapo batire pa kantemba kena m'tauni lolembedwa 9900 mAh (muyeso wa magetsi amene batire limasunga), lopepuka ngati bango. Pa ma watts 25 okha linafunda m'dzanja ngati mbatata yootcha. Palibe batire la 18650 lenileni lofika pa nambala imeneyo. Amene amapirira ma amps ambiri amakhala cha pa 2500 mpaka 3000. Onaninso kapulasitiki kokuta batire: kakang'ambika, ngakhale pang'ono, lisalowe mu mod mpaka litakutidwanso. Ndipo batire lamaliseche lisakhale m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makoyini a chenji cha basi.

Kukulunga

Tiyambe ndi Kanthal wa 26 pa chitsulo cha mamilimita 2.5, maulendo 7. Koyilo imeneyi imatuluka cha pa 0.8 ohm ndipo imakoma pakati pa ma watts 18 ndi 25. Wofuna nthunzi yochuluka atenge wa 24 pa chitsulo cha 3, maulendo 6; imeneyo imakhala cha pa 0.5 ohm, ma watts 30 mpaka 40. Mukaika makoyilo awiri ofanana, ma ohm amatsika ndi theka.

Sambani m'manja ndi sopo. Dulani waya wa masentimita ngati 15, m'pukuteni ndi kansalu koyera kuti mafuta a kufakitale achoke. Gonekani nsonga imodzi pa chogwirira cha sikuludiraiva kapena pa dirilo biti, ipanikizeni ndi chala chachikulu, ndipo ndi dzanja linalo zungulizani waya mokoka. Kamphete kalikonse kagone pafupi ndi kanzake popanda kukwerana. Werengani mokweza, ine ndimasokonezeka pa 5 nthawi zonse ngati wailesi ikulira. Mukamaliza, miyendo iwiri ya koyilo iloze mbali imodzi. Kamphete koyamba kawirikawiri kamatuluka kopotoka. Kamasuleni, ndipo chifukwa cha ichi ndi bwino kukulunga kamodzi kowonjezera.

Pali njira ziwiri: timphete togundana, kapena totalikirana pang'ono. Togundana timatentha pamodzi ndipo nthunzi imakhala yofunda, koma timafuna kukonzedwa poyatsa. Totalikirana sitivuta, ndipo juwisi wa shuga wambiri sadetsa msanga. Kuti mupange yotalikirana, kulungani mosiya mipata, kenako kankhirani timphete tonse kuchogwirira ndi zikhadabo n'kusiya. Timabwerera tokha n'kusiya mipata yofanana. Pa stainless steel ine ndimakonda imeneyi.

Kuika pa deki

Masulani masikuluwu a timizati tiwiri ta pa deki (malo omangirira koyilo mkati mwa RDA kapena RTA), lowetsani mwendo umodzi uku wina uko, chitsulo chija chikadali mkati mwa koyilo. Musachichotse mpaka mutamanga, chifukwa ndicho chikuteteza koyilo kuti isapindike. Mangani mpaka waya agwire, osati mpaka sikuluwu imudule. Dulani miyendo yotsala pafupi kwambiri ndi mzati, ndipo tizidutswa todukato tifufuzeni. Kamodzi kakagwera pansi pa deki ndi shoti imene mudzaifunafuna madzulo onse.

Tsopano gwirani chitsulo chija n'kusuntha koyilo. Apa ndi pamene pali kukoma. Yang'anani kumene mpweya umalowera. Ngati ukuchokera pansi, koyilo ikhale pamwamba penipeni pa bowolo, motalikira milimita imodzi kapena awiri. Ngati ukuchokera m'mbali, vindikirani n'kusuzumira pabowo: muziona theka la m'munsi la koyilo, kuti mpweya uziimenya chapansi n'kunyamula nthunzi kupita nayo kukamwa. Koyilo ikatsika kwambiri mpweya umadutsa pamwamba pake ndipo mumakoka mpweya wopanda kanthu. Ikakwera kwambiri nthunzi imatentha milomo ndipo imakanda pakhosi. Ndinakhala masabata awiri ndikunyoza juwisi wa mango kuti ndi madzi, mpaka alamu anga anakweza koyilo ndi nsonga ya sikuludiraiva, mwina milimita imodzi yokha. Nditakoka ndinamva mango ngati wa mu December.

Koyilo isakhudze deki, mzati kapena chivindikiro. Ikani pa mita muone. Nambala ikhale pafupi ndi imene mumayembekezera. Ikatsika kwambiri, pali pamene pakugundana. Ikamadumphadumpha, sikuluwu sinamange. Vindikirani n'kuyezanso, chifukwa koyilo yanga yoyamba inali bwinobwino ili poyera, koma nditavindikira mod inangolemba kuti short. Kamwendo kamodzi kanali kakukanda chivindikiro.

Kuyatsa popanda thonje

Ikani pa mod, tcherani ma watts 15 kapena kucheperapo, ndipo dinani batani pang'onopang'ono, sekondi imodzi kapena ziwiri n'kusiya. Chitani izi pamalo a mdima. Malaiti akapita madzulo, ndiyo nthawi yabwino. Pamdima umaona kufiira kusanafike poipa. Chimene mukufuna ndi chakuti koyilo iyambe kufiira pakati, moto n'kumafalikira kumbali zonse mofanana, ngati khala la pa mbaula likamakolera.

Poyamba sizidzatero. Mudzaona kadontho kowala kwambiri pa kamphete kamodzi, kapena mwendo ukufiira koyilo isanafiire. Kadontho kameneko n'kamene kadzapsereze thonje. Siyani batani, kandani timphete pang'ono ndi nsonga ya tweezers ngati mukuliza gitala, yatsaninso. Ngati koyilo ndi yogundana, ifunditseni, siyani batani, n'kuipana pang'ono kuchokera kumbali zonse ziwiri. Ya ceramic mukhoza kupana moto uli mkati, koma tweezers yachitsulo isakhudze koyilo chala chili pa batani. Bwerezani mpaka zitheke. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito yonseyi apa ndi pamene munthu amafuna kuthamanga. Kufiira kwake kukhale kwa khala, kosafika poyera mbee. Stainless steel ingoyamba kufiira pang'ono basi; idzasintha mtundu n'kukhala ya buluu kapena yagolide, ndipo zimenezo si vuto.

Ikazizira, manganinso masikuluwu, chifukwa kutentha kumawamasula, ndipo yezaninso ma ohm.

Thonje

Mwa makoyilo khumi amene anzanga amabwera nawo akudandaula, ochuluka vuto lake limakhala thonje.

Gwiritsani thonje lopangidwira vape monga Cotton Bacon, kapena timapadi ta thonje la ku Japan monga ta Muji. Lija la kufamase ena amaliyeretsa ndi mankhwala kapena kulisakaniza ndi ulusi wa pulasitiki. Ndinaliyesa tsiku lina nditasowa pogwira, ndipo juwisi anamveka ngati ndikuyamwa kolala ya shati. Mnzanga wina wa kwathu ku Katete anaganiza zobweretsa la kumunda, poti kumeneko thonje ndi losasowa. Ayi ndithu. Amene analimapo thonje akudziwa kuchuluka kwa mankhwala amene amapopera.

Ngati muli ndi padi, dulani kamzere motsatira mmene ulusi wagonera, chifukwa juwisi amayenda motsata ulusiwo. Kukula kwake pa koyilo ya 2.5 kukhale ngati theka la sentimita kapena kupitirira pang'ono. Sendani kakhungu kouma ka pamwamba, lipukuseni pang'ono pakati pa zikhato kuti likhale lozungulira, potani nsonga imodzi ngati mukufuna kulowetsa ulusi pa singano, lowetsani, kokani.

Mverani ndi zala. Thonje liyenera kukana pang'ono, koma lizitha kuyenda uku ndi uku koyilo osapindika. Likamakoka mod yonse mpaka kufuna kuigwetsa, lachuluka. Juwisi adzalephera kudutsa pakati, ndipo mudzakoka chopsereza chija chimene chimatulutsa misozi. Likamangodutsa fyuu, lachepa. Juwisi adzathetheka n'kukulavulirani m'kamwa, ndipo thanki idzadontha. Musachite manyazi kulitaya n'kudula lina. Thonje ndi lotchipa kuposa juwisi.

Dulani michira iwiri. Pa RDA ingofika pansi pa deki n'kugona pang'ono. Ipeseni ndi nsonga ya tweezers kuti ifufume, tiulusi tothothoka mutitaye, kenako ilowetseni mofatsa popanda kuitsindira. Pansi pa koyilo pakhale poyera. Thonje likatseka pamenepo mwatseka njira ya mpweya ija mwavutikira.

RTA ndiyo ya makani. Michira iyenera kutseka timakwalala timene juwisi amakwerera, koma mongogonapo. Ikatsindiridwa mpaka pansi koyilo imauma. Ikachepa juwisi amasefukira n'kutulukira pa mabowo a mpweya, m'thumba la shati. Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Juwisi ndi msakanizo wa timadzi tiwiri, VG (vegetable glycerin) ndi PG (propylene glycol), ndipo VG ndiye wonanda. M'mawa wa mu June kapena July kuno ku Lusaka, juwisi wa 70/30 (VG 70, PG 30) amayenda ngati uchi, ndiye michira ndimaipesa kwambiri kuti ipyapyale. Mu October dzuwa likaswa mtengo, juwisi yemweyo amasungunuka ngati madzi, ndipo ndimasiya thonje lochulukirapo. Chipangizo chisatsale m'galimoto yotseka pa dzuwa limenelo. Kudontha ndi nkhani yaing'ono, batire ndilo loopsa.

Kukoka koyamba

Donthezani juwisi pa koyilo ndi pa michira mpaka thonje lonse linyowe, dikirani mphindi zingapo, dinani pang'ono muone nthunzi ikutuluka, vindikirani, yang'ananinso ma ohm. Yambirani pansi, mwina ma watts 16 pa koyilo ya 0.8 ija, n'kumakwera awiriawiri. Juwisi aliyense ali ndi pamene amatsegukira: wa zipatso ndi wa menthol amakonda pofunda pang'ono, wa kasitadi ndi wa fodya amafuna moto wochulukirapo. Mukamva kukoma kwayamba kusanduka kuwawa, bwererani pambuyo pang'ono n'kuima pamenepo. Maulendo khumi oyamba thonje latsopano limamveka, limatha lokha.

Chepetsaninso bowo la mpweya. Lotsegula kwambiri limapereka mtambo waukulu koma wosukuluka, ngati tiyi wa madzi ambiri. Tsekani pang'onopang'ono mpaka nthunzi ikhale yokhuthala koma yosaotcha.

Samalani ndi mphamvu ya nicotine. Pa koyilo ya 0.5 yokokera mpaka m'chifuwa, ambiri amagwiritsa 3 mg, ena 6. Juwisi uja wa nic salt (mtundu wina wa nicotine) wa 25 kapena 50 mg anapangidwira tizipangizo ting'onoting'ono ta mphamvu yochepa. Mukamuthira pa koyilo yotere mudzamva chizungulire, nseru ndi mtima kugunda. Zikatero ikani pansi chipangizocho, tulukani panja, ndipo zikapanda kuleka pitani kuchipatala.

Pakapita masiku angapo kukoma kudzayamba kuzilala. Vundukulani: koyilo idzakhala itada bii ndi makoko. Ameneyo ndi shuga wa m'juwisi, ndipo juwisi wotsekemera kwambiri amadetsa m'masiku awiri kapena atatu okha, pamene wina amafika sabata. Koyilo musaitaye. Solani thonje, yatsani pang'onopang'ono mpaka makoko apse, ikazizira chotsani RDA pa mod n'kuitsuka ndi madzi, kandani ndi kamswachi kakale, umitsani, yatsaninso muone ngati ikufiirabe kuyambira pakati, ikani thonje latsopano. Kanthal wosamalidwa chonchi amatha mwezi kapena kupitirira. Mukaona waya wayamba kukhakhala, wachita dzimbiri, kapena ma ohm asintha okha, dulani wina.

Nthawi zina vuto silikhala koyilo. Mukakhala pa juwisi mmodzi masabata ambiri, lilime ndi mphuno zimazolowera mpaka osamvanso kanthu, makamaka nthawi ya fumbi ya mu August ndi September pamene mphuno zimakhala zotseka kale. Imwani madzi ambiri, popeza VG ndi PG zimaumitsa m'kamwa, ndipo sinthani juwisi kwa masiku awiri kapena atatu. Ine ndimasunga kabotolo ka menthol chifukwa cha zimenezi. Ndisanadziwe, ndinamasula makoyilo atatu abwinobwino usiku umodzi ndi tochi ya foni pakamwa, mpaka mayi a kunyumba anadzuka n'kufunsa ngati ndayamba ntchito ya mawotchi.